Kudya ndi maluso angapo mumzinda wa Blantyre: ndondomeko yoyenera kutsata

Mumzinda wa Blantyre si chachilendo kupeza munthu mmodzi amene Loweruka amajambula zithunzi pa ukwati ku Chilomoni, Lamulungu amaimbitsa kwaya kutchalitchi, ndipo mkati mwa sabata amalemba ndakatulo kapena kukonzekera sewero ndi anzake m'kalasi yobwereka ku Ndirande. Munthu wotere amauzidwa kawirikawiri kuti asankhepo chimodzi, ndipo omulangizawo sachedwa kumukumbutsa za pusi amene anagwa chagada chifukwa cha ichi chakoma ichi chakoma. Langizolo lili ndi nzeru, koma silikwanira kuno kwathu, kumene anthu ogula mabuku, matikiti a zisudzo kapena zojambula zopachika pakhoma ndi ochepa moti luso limodzi palokha limadyetsa banja chaka chonse kwa anthu owerengeka okha. Chinagwetsa pusi ndi kutaya nthambi imene inamunyamula asanagwiritsitse ina, ndipo malangizo otsatirawa akuzungulira pa mfundo imeneyo: kudziwa luso limene lakunyamulani, ndi kuika ena onse pambuyo pake mwadongosolo.

Aluso ena otchuka a dziko lino anadutsa momwemo. Du Chisiza Jr, amene anayambitsa gulu la Wakhumbata Ensemble Theatre mu 1987, ankalemba masewero, kuwatsogolera, kuchita nawo pabwalo ndiponso kuyendetsa gululo kufikira imfa yake mu 1999. Shemu Joyah ndi katswiri woyeza malo, ndipo ali pa ntchito imeneyo ndi pamene anayamba kulemba ndi kutsogolera mafilimu amene anadzalandira mphoto kunja kwa dziko lino. Q Malewezi anayamba kumveka ndi nyimbo m'gulu la Real Elements asanadziwike monga mlakatuli. Mukayang'anitsitsa muona kuti pa nthawi ina iliyonse anthu ankawadziwa ndi chinthu chimodzi chooneka, ngakhale kuti manja awo ankagwira zambiri.

Choyamba, patsani luso lililonse udindo wake

Tengani pepala ndipo mulembe maluso onse amene mumadziwa kuti muli nawo, kenaka muliyese lililonse ndi mafunso atatu. Funso loyamba ndi lakuti, kodi m'miyezi 12 yapitayi alipo munthu amene si mbale wanu kapena mnzanu wapamtima amene anakulipirani chifukwa cha luso limeneli? Lachiwiri ndi lakuti, kodi anthu akamakufotokozani kwa munthu amene sakukudziwani amati ndinu uja wa chiyani? Lachitatu ndi lakuti, kodi ndi luso liti limene mumaligwira ngakhale palibe wokutumani? Mayankhe moona mtima, pakuti kuombera m'manja kwa abale pa chinkhoswe sikufanana ndi ndalama ya mlendo.

Luso limene lapambana pa funso loyamba ndilo lodyetsa, ndipo liyenera kupatsidwa maola abwino kwambiri a sabata ngakhale litakhala losakusangalatsani kwenikweni, monga kukonza mapositala a masukulu a mkaka ndi matchalitchi kapena kujambula zithunzi za pa maukwati. Limene lapambana pa funso lachiwiri ndilo lonyamula dzina lanu. Lachitatu ndi luso limene likukula, lomwe simuyenera kuyembekezera kuti likupatseni kanthu chaka chino. Nthawi zina luso limodzi limagwira maudindo awiri, ndipo amene zamuyendera choncho ali ndi mwayi. Maluso otsala pa atatuwa asungeni kaye, chifukwa munthu amene akuthamangitsa zinthu zisanu nthawi imodzi amakhala ndi nyimbo yosamaliza, buku losamaliza ndi chojambula chosamaliza, ndipo chinthu chosamaliza sichigulitsidwa.

Chachiwiri, gawani nthawi potsata nyengo za mzindawu

Ntchito zaluso mu Blantyre zimayenda ndi mvula. Kuyambira pamene anthu akolola mpaka chakumapeto kwa chaka ndi pamene maukwati, zinkhoswe, maphwando otsanzikana ndi akwatibwi ndi zochitika za makampani zimachuluka, ndipo zikondwerero zikuluzikulu monga Blantyre Arts Festival, Sand Music Festival ndi Tumaini ya ku Dzaleka nazonso zimakonda kuchitika m'miyezi yopanda mvula. Imeneyi ndi nyengo ya luso lodyetsa ndi luso lonyamula dzina, ndipo si nthawi yoyamba kulemba buku. Kuyambira Januwale mpaka Malichi ndalama zimasowa m'matumba a anthu, zochitika zapanja zimachepa, ndipo waluso amene sanakonzekere amaiona miyezi imeneyi ngati tsoka. Komatu imeneyi ndiyo miyezi yolemba, yoyeserera masewero, yophunzira chida chatsopano, yokonza zitsanzo za ntchito ndi yotumiza makalata opempha malo ku zikondwerero za chilimwe chikudzacho, pakuti okonza zikondwerero amasankha aluso miyezi ingapo tsikulo lisanafike.

M'kati mwa sabata, musadumphedumphe pa maluso atatu tsiku limodzi. Ndi bwino kupereka masiku athunthu kapena theka la tsiku ku chinthu chimodzi, popeza maganizo amene munthu amakhala nawo polemba ndakatulo sabwera msanga akangochoka pokangana mtengo ndi kasitomala. Khalaninso ndi mndandanda wa ntchito zosafuna magetsi, monga kulemba pamanja, kujambula ndi pensulo, kuloweza mawu a sewero kapena kuyeserera gitala, kuti magetsi akathima tsiku lisapite pachabe. Maulendo nawo aphatikizeni. Ngati mukupita kukasindikiza zithunzi m'tauni, tsiku lomwelo mukasiye kalata ku wailesi ku Chichiri ndi kukaonana ndi mtolankhani ku Ginnery Corner, chifukwa ndalama za minibasi ndi kabaza zimadya phindu mwakachetechete kuposa mmene aluso ambiri amaganizira.

Pali msampha umodzi umene umakola makamaka anthu a maluso ambiri, ndiwo kuvomera maudindo awiri pa chochitika chimodzi. Akomiti ya ukwati akadziwa kuti mumatha kujambula komanso kuyendetsa mwambo, adzakupemphani kuti mugwire zonse ziwiri pa mtengo wotsikirako. Taganizirani nthawi ya perekaniperekani: maikolofoni ali m'dzanja lanu, mukuitana akuchikazi kuti abwere kutsogolo, oimba nyimbo akudikira chizindikiro chanu, owerenga ndalama akufuna lichero lisinthidwe, ndipo nthawi yomweyo agogo a mkwatibwi anyamuka kuvina, chithunzi chimene banjalo lidzachifuna kuposa zina zonse. Kamera ili pa mpando. Pamapeto pake anthu adzakumbukira kuti zithunzi zinasowa, osati kuti munawachotsera mtengo. Tengani udindo umodzi, winawo mupatse mnzanu amene mumamudalira, ndipo iyenso tsiku lina adzakukumbukirani.

Chachitatu, ntchito imodzi ibale zinthu zingapo

Phindu lenileni la kukhala ndi maluso angapo limaoneka pamene maluso onsewo akugwira pa mutu umodzi. Tiyerekeze kuti mwalemba ndakatulo yonena za amayi amene amadzuka m'mbandakucha kukaima pa mzere pa kiyosiki ya madzi ku Bangwe. Ndakatulo imeneyo mukhoza kuilakatula pa bwalo, kuijambula mu situdiyo n'kuipereka ku mapulogalamu a ndakatulo a pa wailesi, kupita kukajambula zithunzi za zidebe zili pa mzere mutapempha chilolezo kwa eni ake, kulumikiza mawu ndi zithunzizo kukhala kanema wamfupi, ndipo pambuyo pake kuikuza kukhala sewero la anthu atatu. Kafukufuku munachita kamodzi, anthu munacheza nawo kamodzi, koma zotuluka ndi zisanu, ndipo chilichonse chikutsatsa chinzake. Bungwe logwira ntchito za madzi kapena zaumoyo likaona zoterezi limazindikira msanga kuti mungalithandize kufalitsa uthenga, ndipo mabungwe otere ndi amodzi mwa olipira bwino aluso m'dziko muno.

Pamenepa mpofunika kudziletsa pang'ono. Kutha kuchita zinthu zambiri sikutanthauza kuti zonse mumazichita pa mlingo wofanana, choncho ngati kusakaniza mawu mu situdiyo si mbali yanu yamphamvu, lipirani wodziwa kuti nyimbo kapena ndakatulo yanu imveke bwino pa wailesi.

Chachinayi, dzina likhale limodzi koma zitsanzo zikhale zosiyana

Gwiritsani ntchito dzina limodzi pa Facebook, YouTube, TikTok, WhatsApp, pa mapositala ndi pa malisiti, ndipo nambala ya foni ya ntchito isamasinthesinthe. Waluso amene ali ndi dzina lina pa nyimbo, lina pa zithunzi ndi linanso pa zisudzo amamanga mbiri katatu ndi mphamvu za munthu mmodzi. Komabe zitsanzo za ntchito zipatuleni. Kampani imene ikufuna wojambula zithunzi za msonkhano itumizireni zithunzi zosapitirira 15 zosankhidwa bwino, osaphatikizapo nyimbo zanu, chifukwa wolemba ntchito akaona zonse pamodzi amayamba kukayika ngati pali chimene mumachidziwa mozama. Maluso enawo adzawadziwa mukamaliza bwino ntchito yoyamba. Mafayilo otumiza pa foni akhale opepuka, popeza ambiri amawatsegula ndi bandulo yowerengera, ndipo ntchito zanu zonse muzisunge malo awiri osiyana, pakuti laputopu imabedwa ndipo fulashi imafa osatsanzika.

Chachisanu, lembani ndalama za luso lililonse padera

Apa ndi pamene aluso ambiri amagwera, ndipo mpoyenera kukhalitsapo. Gulani kope lachikuto cholimba ndipo tsamba lililonse mulidule mizere isanu: tsiku, luso, zolowa, zotuluka, ndi maola amene ntchitoyo yatenga. Mzere wa maolawo ndi umene ambiri amausiya, chonsecho ndiwo umaulula zoona. Ukwati umaoneka ngati ntchito ya tsiku limodzi, koma mukalemba msonkhano ndi akomiti, ulendo wokaona holo, Loweruka lonse kuyambira kokonzera mkwatibwi mpaka madzulo, masiku osankha ndi kukonza zithunzi, ulendo wokasindikiza ndi wokapereka alubamu, mupeza kuti sabata yatha. Positala ya mtengo wochepa imene munaimaliza m'maola awiri mwina ikukulipirani bwino pa ola kuposa ukwatiwo. Pakatha miyezi itatu werengerani luso lililonse palokha, ndipo mudzadziwa ngati lija munalitcha lodyetsa likudyetsadi, kapena ngati nyimbo zikumeza ndalama zonse zimene kamera ikubweretsa.

Poika mtengo yambani ndi zimene mudzawononge, monga mayendedwe, kubwereka zida, okuthandizani, kusindikiza ndi bandulo, kenaka muwonjezere malipiro a maola anu ndi kagawo ka kutha kwa zida. Zida zambiri za aluso, kaya ndi kamera, utoto, nsambo za gitala kapena maikolofoni, zimachokera kunja, ndipo mitengo yake imatsata dola. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo aliyense amene anali atalonjeza mtengo wa ntchito ya miyezi ya kutsogolo anaigwira moluza. Chifukwa cha ichi, pa pepala lililonse la mtengo lembani kuti mtengowo ukugwira ntchito kwa masiku 14 kapena 30 okha, ndipo tsiku la chochitika lisungidwe pokhapokha dipoziti yaperekedwa. Theka la mtengo ndi poyambira pabwino, ndipo lotsalalo liperekedwe musanapereke ntchito yomaliza. Kasitomala akanena kuti, "Achimwene, tangopangani kaye, tikuonani ikatha," muyankheni mwaulemu kuti, "Bwana, zida ndimabwereka ndi ndalama, ndiye ndikalandira theka ndiyamba lero lomwe." Munthu amene akufunadi ntchitoyo sakhumudwa ndi mawu amenewa.

Mudzakumananso ndi okuuzani kuti ndalama palibe koma mudzatchuka. Nthawi zina kuvomera kuli ndi phindu, makamaka pa luso limene likukula, ngati bwalolo lili ndi anthu amene mukufuna kuti akuoneni ndipo mwalonjezedwa kanema kapena zithunzi zabwino za zimene mwachita. Pa luso lodyetsa musavomere, chifukwa mtengo umene mwayamba nawo ndi umene anthu amauzana.

Ndalama za ntchito zikhale ndi nambala yakeyake ya Airtel Money kapena Mpamba, kapenanso akaunti ya kubanki, yosiyana ndi ya ndiwo ndi makala. Pa ndalama iliyonse yolowa patulani gawo limodzi mwa magawo khumi la zida, ndipo m'nyengo ya maukwati muzisunga zokwanira lendi ya miyezi ya mvula ija. Luso limene likukula lipatsidwe malire a ndalama pa mwezi, ndipo malirewo akakwana lidikire mwezi wotsatira.

Chachisanu ndi chimodzi, konzani mapepala

Makampani, mabungwe ndi maofesi a boma salipira munthu wopanda mapepala, ngakhale luso lake litakhala lotani. Lembetsani dzina la bizinesi ku ofesi ya boma yolembetsa mabizinesi, ndipo mutenge nambala ya msonkho ya TPIN ku bungwe lotolera msonkho la MRA, limene likulu lake lili ku Msonkho House mumzinda momwemuno. Dzina limodzi la bizinesi likhoza kukwanira maluso anu onse ngati mwalifotokoza mokwanira polembetsa. Bungwe likakudulani msonkho pa malipiro anu, pemphani chikalata chosonyeza kuti msonkhowo wadulidwa ndipo muchisunge, chifukwa chimawerengedwa pa msonkho wanu wa pa chaka.

Kenaka pitani ku COSOMA, bungwe limene linakhazikitsidwa mu 1992 kuti liziteteza umwini wa ntchito zaluso, ndipo pano likugwira ntchito pansi pa lamulo la 2016. Umwini wa nyimbo, ndakatulo kapena chithunzi umayamba pamene mwachipanga, koma ndalama zimene bungweli limatolera ku mawailesi, ku makanema, ku malo azisangalalo ndi pa zipangizo zosungira nyimbo ndi mafilimu zimafika kwa amene analembetsa umembala ndi ntchito zawo. Kwa munthu wa maluso angapo mfundo yofunika ndi yakuti alembetse mbali iliyonse imene anagwira. Ngati pa nyimbo imodzi munalemba mawu, munapeka maimbidwe ndiponso munaimba, maudindo onsewo atchulidwe. Musanatuluke mu situdiyo, inu ndi wojambula nyimboyo ndi aliyense amene waikapo luso lembani pa pepala limodzi kuti wachita chiyani ndipo gawo lake ndi lotani, aliyense asaine ndi kujambula pepalalo pa foni yake. Zimaoneka ngati kusakhulupirirana pamene nonse mukuseka, koma nyimbo ikadzamveka m'maminibasi onse a ku Limbe aliyense adzakumbukira mosiyana.

Mgwirizano ndi kasitomala usakhale wautali, koma unene zinthu izi momveka: ntchito yake ndi yotani, idzaperekedwa liti, kusintha kololedwa ndi kangati, malipiro adzabwera motani, ndipo kasitomalayo akuloledwa kuigwiritsa ntchito kuti ndi kwa nthawi yaitali bwanji. Mfundo yotsirizayi ndi imene imasiyanitsa kugulitsa umwini ndi kupereka chilolezo. Kampani imene yalipira chithunzi cha pa kalendala ya chaka chimodzi siyenera kuchiika pa zikwangwani za mu msewu wa Chipembere kwa zaka zisanu popanda kukambirananso, koma ngati simunalembe, mkangano wake ndi wovuta. Kugulitsa umwini wonse kukhale kwa mtengo wokwera kwambiri ndipo kulembedwe. Ngati mukukonza zoonetsa sewero kapena filimu kwa anthu, funsani msanga ku Censorship Board, bungwe la boma lounika mafilimu ndi masewero, limene limagwira ntchito pansi pa lamulo la 1968, za chilolezo chofunika, kuti musadzaimitsidwe matikiti atagulidwa kale.

Chachisanu ndi chiwiri, dziwikani kumene aluso amakumana

Luso lililonse lili ndi bungwe lake, monga Musicians Union of Malawi, Malawi Writers Union, National Theatre Association of Malawi, Film Association of Malawi ndi Visual Arts Association of Malawi. Simuyenera kulowa onse, koma lowani la luso lonyamula dzina lanu, popeza uthenga wa maphunziro, mipikisano ndi thandizo la ndalama umadutsira kumeneko. Muzipezekanso pa zochitika za anzanu ku Jacaranda Cultural Centre, ku Blantyre Cultural Centre imene kale inali French Cultural Centre, ndi ku La Caverna m'nyumba yakale ya Mandala yomangidwa mu 1882, ngakhale tsiku limene simukuchita kanthu. Ntchito zambiri mumzinda uno zimaperekedwa ndi munthu amene wafunsidwa kuti, "Kodi mukudziwa wina amene angathe izi?" ndipo amatchula amene anamuona posachedwa ndi amene anasunga nthawi ulendo watha.

Chachisanu ndi chitatu, unikani chaka chikatha

Mu Januwale tsegulani kope lija ndi kubwereza mafunso atatu a poyamba. Maudindo a maluso amasintha: limene linali kukula likhoza kuyamba kubweretsa makasitomala, ndipo lodyetsa likhoza kufooka chifukwa ochita zomwezo achuluka kapena mafoni ayamba kugwira ntchito imene anthu ankalipira. Luso limene lakhala zaka ziwiri osabweretsa ndalama, osakuza dzina ndiponso osakusangalatsani lichotsedwe pa mndandanda, ndipo malo ake apatsidwe limodzi mwa aja munasunga.

Amene muli pa ntchito yolembedwa, kaya ya uphunzitsi, ya kubanki kapena ya m'sitolo, muiwerenge ngati luso lodyetsa ndipo musafulumire kuisiya chifukwa cha mwezi umodzi wabwino wa Okutobala. Dikirani mpaka kope lisonyeze kuti kwa miyezi 12 yotsatizana, kuphatikizapo ya mvula, ndalama za luso zakwanira lendi, chakudya ndi fizi, ndiponso kuti mwasunga zokwanira miyezi itatu kapena kuposerapo. Musanapereke kalata yosiya ntchito, gulani zida zikuluzikulu zimene mukuzifuna, malizani ngongole zimene zimadulidwa pa malipiro, ndipo mufunse za ndalama zanu za penshoni kuti mudziwe mmene zidzasungidwire mukachoka.